Funso Limene Anyamanda Anakana Kuyankha

Ine ndine Ivy Kachingwe, namwino komanso mzamba, kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linanditumiza ku kachipatala kena pakati pa Kande ndi Chintheche, ndipo ndinafika ndikudziona ngati mlendo uja amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kanali kakuthwadi, koma munthu woyamba kumucheka anali mayi amene anandilandira bwino kuposa onse.

Mayiwo ndi Fyness Manda, ngakhale dzina la Fyness limangopezeka m'buku lawo la kuchipatala. Kuno mkazi amamutchula ndi mfunda wa bambo ake, choncho aliyense amati Anyamanda. Anali ndi zaka 56, ndipo ndiwo ankatsogolera Umanyano, gulu la amayi a mpingo wa pamudzipo. Lachisanu lililonse ankadutsa pachipatala atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, zonse zosita ndi simbi ya makala, ndipo ana osewera mumsewu ankapatuka okha. Masiku enawo mukanawapeza padziwe lawo loviikamo chinangwa, atapinda chitenje mpaka m'mawondo. Amuna awo, a Killion, anafa pa ngozi ya basi akuchokera ku Joni zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo mayiwo sanakwatiwenso.

Chaka chatha tinalandira njira yatsopano yopewera khansa ya khomo la chiberekero. Kale mayi ankayenera kugona pabedi kuti ine ndimuyang'ane, ndipo ambiri ankathawa. Tsopano ankangotenga kathonje ka pa kamtengo, n'kulowa yekha kuseri, kudzipaka m'kati, n'kukatsekera m'kabotolo. Timabotoloto tinkapita ku labotale ya kuboma kuti akafufuze kachirombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansayo. Ndinakhala milungu itatu ndi katoni yodzaza, ndipo anabwera amayi anayi okha. Ndinakadandaula kwa Anyamanda.

“Anesi, inu mukudikira usipa pamtunda,” anatero. “Bwerani ku Umanyano Lachisanu.”

Ndinapita. Amayi analipo 35, tchalitchi chikutentha, ana akulira kumbuyo, ndipo mlembi wa gululo, Margaret, ankatembenuza mawu anga m'Chitonga. Ndinaona kuti ndifupikitse. Ndinati kachiromboka kamapatsirana pogonana, ndipo pafupifupi mkazi aliyense amene anakhalapo ndi mwamuna amakumana nako. Kenako ndinati, “Koma musaope. Thupi lili ndi asilikali ake, ndipo amakachotsa pasanathe zaka ziwiri.” Mawu amenewo ndinawakonda kwambiri. Anali aafupi, otonthoza, ndipo amayi anagwedeza mitu. Ndinasiya mawu atatu okha, oti “mwa amayi ambiri”, poganiza kuti zotsalazo ndi za ife a kusukulu. Ndinawonjezanso kuti amene sadzapezeka ndi kachiromboko sitidzawavutitsa, tidzangoitana ofunika kuwaonanso.

Anyamanda ndiwo anayamba kutenga kamtengo. Anakakweza m'mwamba kuti onse akaone, n'kunena kuti, “Kanthu aka n'kochepa kuposa kotokosera m'khutu. Amene akukaopa andiuze anabereka bwanji ana asanu ndi awiri.” Amayi anaseka chikhakhali, ndipo onse 35 anayezetsa tsiku lomwelo.

Pafomu panali malo olemba nambala ya foni. Onse analemba ya Margaret. Nyumba yake ili pamtunda pamene netiweki imagwira, ndipo mauthenga onse a mpingo, a maliro ndi a maukwati omwe, amadzera mwa iye. Ndinaiona nambala imodziyo kulembedwa ka 35, ndipo m'malo modzidzimuka ndinatamanda mgwirizano wa amayi a kunyanja.

Zotsatira zinabwera patatha milungu itatu. Amayi asanu ndi awiri anapezeka ndi kachiromboko, mmodzi mwa iwo anali Anyamanda. Ndinatumiza meseji ku nambala ija: awa abwere kuchipatala Lachiwiri, kenako mayina. Sindinalembe matenda, sindinalembe zotsatira, ndipo ndinadziyamikira kuti ndimadziwa kusunga chinsinsi.

Lachiwiri benchi inakhala yopanda munthu. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi Margaret anabwera, n'kuima pakhomo akupotokola nsonga ya chitenje.

“Anesi, ine ndinangowerenga mayina padziwe, monga ndimawerengera uthenga uliwonse. Sindinaganize.”

“Ndiye bwanji sanabwere?”

“Inu munati oitanidwa ndi amene ali nako. Munatinso thupi limachotsa pa zaka ziwiri.” Anayang'ana pansi. “Nanga ada Killion anamwalira liti?”

Amayi aja anandimvetsera bwino kuposa ophunzira anga onse, ndipo anachita masamu ndi manambala amene ndinawapatsa ndekha. Zaka khumi ndi chimodzi kuchotsa ziwiri, yankho lake linali mwamuna wobisika. Nkhani inali m'kamwam'kamwa kuyambira padoko mpaka kumsika. Masamuwo sanathere pa Anyamanda. Mwa asanu ndi mmodzi otsalawo, anayi amuna awo anali ku Joni, monga zilili m'nyumba zambiri kuno. Wamng'ono mwa onse anali Wezi, wa zaka 30, yemwe mwamuna wake anali asanabwere kwa zaka zinayi, ndipo ankakhala pabwalo limodzi ndi apongozi ake. Margaret anati Wezi sanatuluke m'nyumba chiwerengereni mayina. Anatinso akulu a mpingo aitana Anyamanda ku seshoni, bwalo lawo loweruzira milandu ya mumpingo, Loweruka.

Ndinatseka chipinda changa n'kukwera kabaza. Ndinawapeza padziwe akusenda chinangwa chovunda bwino, fungo lake lija lotseka mphuno kwa ife a kumtunda.

“Mwe uli, ama?” Chitonga changa chinkathera pomwepo.

“Nde umampha, anesi. Mwabwera ndi nkhope ya maliro. Wafa ndani?”

Ndinagwada pamchenga, yunifomu yanga ya boma ili m'matope, n'kupepesa. Kenako ndinawafotokozera zimene ndikanayenera kunena tsiku lija. Mwa amayi ambiri asilikali a m'thupi amakachotsadi kachiromboko pa chaka kapena ziwiri. Mwa ena amangokapanikiza, kamagona chete osaoneka pa makina, ndipo kamadzuka chitetezo chikafooka, kaya ndi ukalamba, kaya ndi matenda ena monga HIV. Mwa ena ochepa sikachoka n'komwe. Kamakhala pakhomo la chiberekero zaka khumi, makumi awiri, kakusintha khungu la pamenepo pang'onopang'ono, ndipo amenewo ndiwo amadwala khansa. Ndinawauzanso kuti kuchipatala tili ndi makina otentha owotchera pamene pawonongeka, khansa isanayambe.

Anasiya kusenda. “Ndiye koopsa ndi kakale?”

“Eya, ama. Kakhalitsa ndiko timakaopa.”

“Ndiye ndikakhala woyera pamaso pa mpingo, m'katimu ndiye mwaipa kwambiri?” Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono. “Chiuta ali ndi nthabwala.”

Ine sizinandiseketse. Ndinati ndilemba kalata ya chidindo cha chipatala, yonena kuti kachirombo kawo n'kochokera kwa malemu.

“Makina anu amaonetsa tsiku limene kanalowa?”

“Ayi.”

“Ndiye lembani zimene mukudziwa za kachiromboko. Za ine musalembe.”

Muyenera kudziwa chimene yunifomu ija ili kwa mayi wa Umanyano. Si chovala chabe. Mayi akamwalira ali nayo, anzake amafika onse atavala zoyera, amamusambitsa, amamuimbira njira yonse mpaka kumanda, ndipo duku lake amaliika pabokosi. Akamwalira atavulidwa, amayi omwewo amabwera atavala zitenje wamba n'kukhala kumbuyo, ndipo mudzi wonse umadziwa tanthauzo lake. Anyamanda anali atavala yunifomuyo zaka 27 ndipo anali ataperekeza amayi osawerengeka. Tsopano anali ndi kachirombo kamene mwina kanali kataswa kale khansa m'thupi mwawo. Za maliro sizinali nkhani yakutali.

Loweruka m'mawa ndinapita nawo ku seshoni. Akulu analipo asanu ndi atatu m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndipo chifukwa cha ine analankhula m'Chichewa. Wotsogolera nkhani anali ada Harrison Mhone, mlembi wa seshoni, mphunzitsi wopuma. Ndinalowa nditakonzeka kudana nawo, koma anandilanda zida. Anali munthu wofatsa, mnzawo wa malemu Killion, ndipo zinkaonekeratu kuti ankafuna kutseka nkhaniyo msanga ndi kuyeretsa dzina la mayiwo.

Anandipatsa mpata. Ndinafotokoza zonse, pang'onopang'ono, osasiya liwu. Ada Harrison anamvetsera atavula magalasi.

“Yewu, anesi. Koma tsiku lija munati zaka ziwiri, lero mukuti makumi awiri. Anthu akunjaku ati namwino wasintha mawu kuti apulumutse mnzake. Ife tikukhulupirirani, koma mudzi sudya kalata.” Anatembenukira kwa Anyamanda. “Ama, ife timakudziwani. Mawu anu kwa ife ndi okwanira. Tingofunsa kamodzi, muyankhe, tilembe, ndipo mawa ndilengeza m'tchalitchi kuti nkhani yatha. Chimwalirireni a Killion, kodi munakhalapo ndi mwamuna?”

Ndinapuma mpweya wa mpumulo. Liwu limodzi, basi. Ndinayamba kale kutola chikwama changa.

“Ada, funso limenelo sindiyankha.”

Ada Harrison anavalanso magalasi.

“Ama, mwina simunamve.”

“Ndamva bwino. Mayina anali asanu ndi awiri. Ndikayankha lero, Loweruka likudzali pampando pano padzakhala Wezi. Ine mundikhulupirira chifukwa cha imvizi. Iye ali ndi imvi? Akadzati ayi, apongozi ake adzavomereza? Akadzati inde, mudzamutumiza kuti?” Analankhula motsitsa, manja ali pamiyendo. “Ine ndinawatenga amayiwa n'kuwauza kuti tiyeni tikayezetse. Anandimvera. Lero ndiwaonetse kuti kamtengo ka kuchipatala kamathera ku seshoni? Amene anabisala tsiku lija ndiwo adzakhale ochenjera, ndipo mudzawaika m'manda mmodzimmodzi ali ndi mayunifomu awo oyera.”

Mkulu wina anati nkhani ya ena ndi ya ena, iwo ayankhe yawo.

“Khoswe wa padenga anaulula wa padzala, ada. M'buku lanulo musalembedwe kuti funso ili linafunsidwapo kwa mayi woyezetsa, iye n'kuyankha. Likalembedwa kamodzi, lakhala lamulo.”

Ada Harrison anawachonderera katatu. Anawakumbutsa kuti wokana kuyankha akulu amaimitsidwa, ndipo alibe miyezi yowerengera, amakhala kunja mpaka tsiku limene adzayankhe. Kachitatuko anawatchula ndi dzina lawo la m'buku lija. “Fyness, mlamu wanga, ingonenani kuti ayi. Ngakhale monong'ona.”

Anyamanda anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa duku la maluwa, lopinda bwino. Anali atabwera nalo kuchokera kunyumba. Anamasula loyera lija, kulipinda kanayi, kuliika pathebulo, n'kumanga linalo. Bulauzi anati atumiza masana.

Ndinena zoona, panjira ndinawapsera mtima. Ndinawauza kuti uku n'kuuma mutu, kuti akudzipha okha chifukwa cha cholakwa changa, kuti akanayankha kenako n'kumenyera enawo ali m'kati. Anandisiya ndilankhule mpaka tinafika pamsewu wa tala.

“Mwamaliza, anesi? Makina anu otentha aja alipo?”

“Alipo.”

“Konzani Lachisanu, naini koloko.”

“Lachisanu naini koloko ndi nthawi ya Umanyano.”

“Ine ndilibe kopita.”

Akulu aja sanaitanenso wina. Margaret anandiuza kuti anakambirana mpaka dzuwa kufika paliwombo, koma palibe anafuna kukhala woyamba kutchula dzina la Wezi. Mtsogoleri atakana, enawo akanakananso ndi mawu omwewo, ndipo mpingo sukanaimitsa amayi asanu ndi awiri chifukwa cha kathonje. Ada Harrison anatseka buku.

Lachisanu, eyiti koloko isanakwane, ndinawapeza Anyamanda atakhala kale pabenchi ya panja. Tili ndi benchi ya m'kati, yobisika, imene odwala amanyazi amaikonda. Iwo anasankha yoyang'ana kumsewu, kumene amayi onse a Umanyano amadutsa popita kutchalitchi. Anavala chitenje chofiira chimene munthu akanachiona ali padoko. Aliyense wodutsa ankamupatsa moni mokweza, kumutchula dzina, ndi kumuuza kuti, “Ine ndabwera kudzachotsa kachirombo kanga.” Ena ankayankha, ena ankafulumiza miyendo. Ine ndinkaonerera pawindo. Ndaonapo madokotala olimba mtima, koma sindinaonepo munthu wogwiritsa ntchito manyazi ake ngati khasu.

Cha m'ma naini anatulukira Wezi, atafunda nsalu kumutu ngati wodwala malungo. Anaima patsidya pa msewu nthawi yaitali. Anyamanda sanamuitane. Anangosendera pang'ono pabenchi, n'kusiya malo. Wezi anaoloka, kukhala pansi, ndipo patapita nthawi anachotsa nsalu ija. Pofika teni koloko pabenchi panali amayi asanu ndi mmodzi. Wachisanu ndi chiwiri anali atathawira kwa achibale ku Mzuzu, ndipo mpaka lero ndikumufunafuna.

Ntchito yake si yovuta. Mayi amagona pabedi, ndimatsegula njira ndi kachitsulo, n'kupaka viniga pakhomo la chiberekero. Pamene kachirombo kayamba kuwononga pamasanduka poyera pakatha mphindi imodzi. Pakakhala paling'ono, ndimagunditsapo kamutu ka makina otentha kwa kanthawi kochepa, khungu loipalo limafa, ndipo thupi limamera lina. Amayi atatu anali bwinobwino, asilikali awo anali akugwirabe ntchito, ndinangowauza tsiku lobweranso. Wezi anali ndi banga loyera ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Ndinaliwotcha, iye akundifinya mkono, ndipo atadzuka anafunsa ngati adzaberekenso. Nditati inde analira ngati mwana. Mnzake wina anali ndi banga lotero, nayenso tinathana nalo.

Anyamanda anakana kulowa mpaka onse atatha. Analowa dzuwa litakwera, n'kukwera pabedi osadikira kuuzidwa. Ndinapaka viniga n'kuyang'ana wotchi. Mphindi isanathe, banga linatuluka, lalikulu kuposa onse a tsikulo, lokhuthala, lotsala pang'ono kupitirira pamene makina anga amafika. Likanakula pang'ono chabe, bwenzi ndikulemba kalata yowatumiza ku Mzuzu. Ndinawauza zimenezo mosabisa.

“Koma mungathe?”

“Ndingathe, ama. Mwafika pa nthawi yake.”

Ndinayatsa makina n'kudikira kuti atenthe. M'chipindamo tinalimo awiri, chitseko chotseka. Apa ndiye pamene ndimachita manyazi kwambiri pa nkhani yonseyi. Ine amene ndinali nditaona zonse, amene ndinawagwadira pamchenga, chinthu chinandiyabwa pamtima. Ndinkafuna kudziwa. Ndinkafuna kutsimikiza kuti munthu amene ndinkamulemekeza chonchi analidi wosalakwa, ngati kuti ulemu wangawo unkadikira chiphaso. Ndinaliveka funsolo yunifomu ya chipatala.

“Ama, tili awiri. Kuti ndidziwe kuti kachiromboka kakhala nthawi yaitali bwanji, kodi chimwalirireni a Killion...”

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana pakati pa mawondo awo. Sanakwiye. Zikanakhala bwino akanakwiya.

“Nanunso, mwana wangu?”

Ndinatembenukira ku makina.

“Ndikati ayi, makinawo muwatenthetsa mosiyana?”

“Ayi.”

“Ndikati inde?”

“Chimodzimodzi.”

“Ndiye gwirani ntchito yanu.” Anabweza mutu papilo.

Makina analira kuti atentha. Ndinagunditsa kamutu kake pabanga lija n'kuyamba kuwerenga. Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka nyimbo. Amayi a Umanyano anali atatuluka m'tchalitchi ndipo ankapita kukaona wodwala kumudzi wa kumtunda, akuimba monga amachitira, koma woyambitsa nyimbo anali Margaret, mawu ake opyapyala osafika kumapeto kwa mzere. Anadutsa pafupi ndi windo lathu, mapazi ambiri pamchenga.

Anyamanda anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinaona msozi ukutsika n'kulowa m'khutu, kenako wina.

“Kukupweteka, ama? Ndisiye kaye?”

“Makina anu sakupweteka,” anatero. “Malizani.”

Ndinamaliza. Papita miyezi isanu ndi inayi tsopano, bala linapola bwino, ndipo Anyamanda sanayankhebe.